Kope la Pamaliro: Mbiri ya Kusonkherana m'Mapiri a Dedza

M'mwezi wa Juni, chisanu cha ku Dedza chimalowa mpaka m'mafupa. Chifunga chimatsika m'phiri n'kukuta midzi ya kwa Kamenyagwaza, kwa Kasumbu ndi kwa Kachere, ndipo amene achezera pasiwa kumawachera zala zitachita dzanzi. Komabe, kuzizire maka, pamwambo wa maliro pali nthawi imodzi imene anthu amaleka manong'onong'o n'kutchera khutu. Ndi pamene bambo wina amaimirira, kope lili m'manja, n'kupereka ulemu kwa mafumu, kwa akuluakulu a mpingo ndi kwa anamfedwa, kenaka n'kuyamba kuwerenga chipepeso. Mudzi wa uje wabwera ndi ndalama zakuti ndi malichero a ufa akuti. Akuchimuna apereka zakuti. Amayi a Chigwirizano zakuti, anzake a malemu ogulitsa nawo mbatatesi pamsika zakuti. Pomaliza amaphatikiza zonse, n'kunena zimene zapita ku bokosi, zimene zagula ndiwo, ndi zimene zatsala m'manja mwa eni mbumba.

Kopelo ndi laling'ono, lija la ana a sukulu, koma mbiri ya ntchito zachifundo m'boma la Dedza yagona m'menemo. Masiku ano munthu akamva za kusonkhetsa ndalama zothandizira osowa amaganiza za mabungwe a maofesi, a galimoto zolembedwa m'mbali. Koma mabungwewo anapeza anthu a m'mapiri muno akusonkherana kale, ali ndi lamulo lawo losalembedwa: chimene chasonkhedwa pagulu chimawerengedwa pagulu. Chotengera chakhala chikusintha, kuchoka pa lichero kupita pa mbale ya m'tchalitchi, pa envelopu, pa bokosi la maloko atatu, mpaka pa foni ya m'manja. Koma kuti anthu apitirize kupereka kapena abweze manja, zakhala zikudalira lamulo lomwe lija.

Ndalama isanafike

Liwu loti kusonkha limagwiranso ntchito pamoto. Mayi akamasonkha moto amakankhira zikuni pamodzi kuti mitu yake ikumane, pakuti chikuni chokhala pachokha chimangofuka utsi. Patsinde lomweli ndi pamene pali msonkhano, pomweponso pali msonkho. Mawu atatuwa akhala akukokanakokana m'mbiri ya Dedza.

Achewa akhala m'mapiri muno kwa zaka mazanamazana. Zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zili m'malo 127, ndipo zina mwa izo anajambula ndi amayi pamwambo wa chinamwali. M'midzi ya anthu amenewa, pothawira poyamba pa munthu wovutika panali mbumba. Mwini mbumba, amene kawirikawiri anali malume, ankayang'anira alongo ake ndi ana awo. Mwana mayi ake akamwalira ankalowa m'nyumba ya mayi ake aang'ono kapena ya agogo, n'kumadya mbale imodzi ndi ana a m'nyumbamo. Panalinso chidyerano, pamene mabanja ankatulutsa nsima n'kudyera pamodzi, amuna kwaokha, amayi kwaokha. Nyumba imene yaphika pang'ono tsiku limenelo sinkaonekera, ndipo nkhalamba yopanda woiphikira inkakhuta nawo.

Kumunda kunali dima. Mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa, anansi n'kubwera ndi makasu m'mawa, pofika masana ndime yonse yatha. Chaka cha njala anthu ankapita kukasuma, kutanthauza kukagwira ntchito kapena kukapempha chakudya kwa abale a kudera kumene kwakolola. Pa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri chigawo cha kummwera, amuna ambiri anayenda mitunda italiitali kukasuma, ena mpaka kumapiri a Ntcheu ndi kutsidya kwa malire. Nayo mfumu inkalandira mtulo, monga nyama ya ulenje kapena zokolola, koma anthu ankayembekezera kuti mlendo wodutsa ndi munthu wosowa pogwira akadya pakhomo pake.

Sikuti zonse zinali zokoma. Thandizo linkayenda potsata magazi, ndipo kapolo, wobwera kapena wodwala khate nthawi zambiri ankatsala kunja kwa mpanda. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, nkhondo zinabalalitsa midzi yambiri, anthu n'kukabisala m'mapiri, ndipo kwa ogonjetsedwa mtulo unasanduka wokakamiza.

Atsamunda nawo anadzawonjezera pomwepo. Dziko litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, kunabwera msonkho wa nyumba, wa ndalama, umene munthu sankaona kumene ukupita. Ndipo liwu loti thangata, limene poyamba linkatanthauza kuthandizana pantchito, linasanduka dzina la ntchito yokakamiza m'minda ya azungu ya kummwera, imodzi mwa nkhanza zimene John Chilembwe anaukira mu 1915. Kuyambira nthawi imeneyo, aliyense wobwera m'mudzi kudzapempha anthu kuti asonkhe amayenera kuyamba wayankha funso ili: kodi uku n'kusonkha kapena ndi msonkho?

Makobidi a kutali, chimanga cha pafupi

Mishoni zoyamba za m'boma la Dedza zinamangidwa ndi ndalama za msonkhemsonkhe, ndipo osonkhawo ambiri sanali olemera. Ku Lyon, m'dziko la France, mtsikana wina dzina lake Pauline Jaricot anayambitsa njira yoti anthu ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu azikhala m'magulu a anthu khumikhumi, aliyense azipereka kakobidi kamodzi pasabata. Mu 1822 njirayi inabala bungwe lothandiza kufalitsa chikhulupiriro cha Katolika m'maiko akutali, limene linadzakhala thumba lalikulu la amishonale. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula Mua mu 1902, m'munsi mwa mapiri, ndipo patapita zaka zochepa anakwera kukakhazika Bembeke kumtunda kozizira. Mu 1927 ku Mua kunatsegulidwa malo osamalira odwala khate, anthu aja amene mudzi unkawaopa.

Kumbali ya mpingo wa Dutch Reformed, abusa a ku Cape Colony anapanga mgwirizano mu 1886 woti azipatula gawo la malipiro awo kuti atumize mmishonale kudziko la kunyanja. Ndalama zimenezo ndi zimene zinafikitsa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ku Mvera mu 1889. Nkhoma inatsatira mu 1896, Mlanda mu 1902, ndipo Mphunzi, m'boma la Dedza, mu 1903.

Amishoni anabweretsa chinthu chimodzi chatsopano: kupereka kwa munthu amene si m'bale wako, amene mwina sudzamuona n'komwe. Koma Akhristu a m'midzi anachilandira mwa njira yawo. Popeza ndalama inali yosowa, ankabwera ndi zimene anali nazo. Mpaka lero nyengo yokolola ikafika, mipingo imalandira zopereka za masika: matumba a chimanga, nyemba, mbatatesi, nkhuku, nthawi zina mbuzi, zonse n'kulembedwa ndi kulengezedwa mudzi ndi mudzi. Akatolika anatenga liwu lakale lija la mtulo n'kulipatsa ntchito yatsopano, kuti likhale dzina la chopereka cha Mkhristu ku parishi yake.

Amene ananyamula kwambiri ntchito yothandiza osowa anali amayi. Pofika 1940, mpingo wa Nkhoma, umene unali utalowa mu CCAP mu 1926, unali utavomereza gulu la amayi la Chigwirizano, lofanana ndi Mvano ya ku Blantyre ndi Umanyano ya ku Livingstonia. Amayi a bulauzi yoyera ndi duku loyera amenewa sankangoimba ndi kuphunzira Mawu. Ankayendera odwala, kutungira madzi nkhalamba, kuzira nyumba za ofooka, kuphika pamaliro, ndi kusonkha kangachepe koti agulire sopo kapena mchere wamasiye. Msungichuma wawo ankanena pamaso pa onse zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Amayi ambiri a nthawiyo sanapite patali ndi sukulu, koma masamu a thumba lawo ankawasunga pamtima.

Dedza ili ndi malo akeake m'mbiri ya mpingo wodzidalira. Cornelius Chitsulo, amene anadzozedwa unsembe mu 1937, anakhala episkopi woyamba wachikuda wa Katolika m'dziko muno pamene anapatsidwa dera la Dedza, limene linakhazikitsidwa mu 1956 n'kukhala dayosizi mu 1959. Sinodi ya Nkhoma nayo inayamba kudziyendetsa yokha mu 1962. M'zaka za m'ma 1970, maepiskopi a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zolimbikitsa timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba, timene kuno timatchedwa miphakati, ndipo Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anali patsogolo pa ganizoli. Mphakati unabwezera ntchito yachifundo pamlingo wa mudzi, pamene aliyense amadziwa nyumba imene denga likudontha ndi mwana amene wasiya sukulu chifukwa chosowa yunifolomu.

Panalinso sukulu ina imene inaphunzitsa anthu kusunga thumba la gulu: ulendo wa kumigodi. Amuna a ku Dedza, monga anzawo a m'maboma ena, ankapita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni, ena pansi, ena kudzera ku Wenela. Kumeneko kunalibe mbumba yoti ikuike m'manda. Choncho ankapanga magulu a maliro, okhala ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi buku, aliyense n'kumaponya kangachepe pakutha pa mwezi. Obwerera kumudzi ankabwera ndi njinga, wailesi ndi bulangete, komanso ndi luso limeneli.

Kupereka kwa mantha

Ufulu utabwera mu 1964, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linalimbikitsa ntchito zodzithandiza. Anthu ankaumba njerwa, kututa mchenga ndi kusonkha ndalama zomangira midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi ndi zipatala zazing'ono. Pa Sabata ya Achinyamata, chaka ndi chaka, ana a sukulu ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kumangira nyumba okalamba. Mabungwe a dziko lonse anabadwanso m'nyengo imeneyi: Malawi Red Cross Society mu 1966, Christian Service Committee mu 1968, MACOHA yothandiza olumala mu 1971, ndi Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, chimene Mama Cecilia Kadzamira ankatsogolera, mu 1985. Sukulu zambiri zimene ana akuphunziramo lero zinamangidwa ndi manja a makolo a nthawi imeneyo.

Koma m'nyengo yomweyi, kusonkha kunayandikirananso ndi msonkho. Mtsogoleri wa dziko akamabwera kudzayendera mbewu, midzi inkalamulidwa kusonkha mphatso, kaya ndalama, mazira, nkhuku, mbuzi ngakhale ng'ombe. Khadi la chipani linkafunsidwa pakhomo la msika ndi pokwerera basi. Panalibe woimirira ndi kope kuti anene kumene zapita, ndipo panalibe wolimba mtima kufunsa. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inadzudzula poyera zopereka zokakamiza ndi nkhani ya makhadi ija. Mmodzi mwa osainira anali Episkopi Gervazio Chisendera wa Dedza, amene analowa m'malo mwa Chitsulo mu 1984.

Alendo a kutsidya kwa msewu

Chiyeso chachikulu cha mtima wopatsa wa anthu a ku Dedza chinabwera kuchokera kumadzulo. Malire amene Britain ndi Portugal anagwirizana mu 1891 anadula pakati dziko la Achewa ndi Angoni, moti pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo amene msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Angonia. Anthu a mbali ziwirizi amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, amagula pamsika umodzi ndipo amaikana maliro.

Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula m'chigawo cha Tete mu 1986, anthu anayamba kuoloka mwaunyinji, ena atasenza mitolo, ena ali chimanjamanja, ana kumsana. M'maboma ena othawa nkhondo anaikidwa m'misasa. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri anangolowa m'midzi. Nyakwawa zinawalozera pomanga, mabanja anawabwereka miphika ndi makasu, ena anawagawira kachigawo ka dimba. Galimoto za thandizo zisanayambe kufika mwadongosolo, nsima imene alendowa ankadya inkachokera m'nkhokwe za eni mudzi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Malawi inkasunga othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu khumi alionse m'dzikomo, ndipo Dedza inali m'gulu la maboma amene analandira ambiri.

Apa ndi pamene boma la Dedza linadziwira mabungwe akuluakulu. UNHCR ndi World Food Programme ankabweretsa chakudya, a Red Cross n'kumagawa ufa, nyemba, mafuta ophikira ndi mchere potsata makhadi. Bungwe la Concern Universal linayamba ntchito zake m'Malawi kuno ku Dedza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pothandiza othawa nkhondo pamodzi ndi midzi yowasunga. Linakhalabe nkhondo itatha, likukumba mijigo ndi kulimbikitsa ulimi, ndipo mu 2016 linasintha dzina kukhala United Purpose. Mpingo wa Katolika unali utakhazikitsa kale Caritas Malawi mu 1984, imene pambuyo pake inadzatchedwa CADECOM, yokhala ndi nthambi mu dayosizi iliyonse.

Kulandira alendo kunali ndi mtengo wake. Mitengo ya m'mapiri inatha ndi nkhuni ndi milimo, zitsime zinachepa, odwala anachuluka m'zipatala. Chilala cha 1992 chitafika, panali midzi imene mlendo ankalandira ufa wa pakhadi pamene womusunga alibe kanthu, ndipo ufa womwewo unkadutsa mpanda kubwerera kwa amene anayamba kupatsa. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo m'zaka ziwiri zotsatira, ochuluka a iwo pansi, monga momwe anafikira. Anasiya maukwati, zibwenzi za malonda ndi manda a abale awo.

Anasiyanso funso limene likadalipo. Thandizo la mabungwe linali lalikulu kuposa chilichonse chimene mudzi ukanasonkha, koma kaundula wake ankawerengedwa kutali, m'Chingerezi, kwa eni ndalama. Anthu a m'mudzi anasanduka mayina a pamndandanda. Mawu oti "alembedwa" ndi "sanalembedwe" analowa m'chinenero cha tsiku ndi tsiku, ndipo mpaka lero amatha kugawanitsa mudzi.

Pamene lichero linachepa

Othawa nkhondo akubwerera, mliri wina unali utalowa kale m'nyumba. Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo pofika m'ma 1990 inkatenga anthu a msinkhu wolima ndi wobereka, omwe aja amene mbumba inkadalira. Maliro anachuluka mwakuti adzukulu ankachoka kumanda ano kupita kumanda ena, ndipo banja limodzi linkasonkha ufa kangapo pasabata. Agogo anatsala ndi zidzukulu zisanu, zisanu ndi ziwiri. Mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe unalipobe pakamwa, koma nkhokwe zinali zitapepuka.

Midzi sinakhale chete. Magulu osamalira odwala kunyumba anabadwa m'maparishi, m'mipingo ya CCAP, m'mizikiti ya kwa Tambala ndi madera ena a Asilamu, kumene zakaati ndi sadaka ndi udindo wa chipembedzo. Anthu ongodzipereka ankasambitsa odwala, kuwaphikira phala ndi kuwanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala. Sukulu za mkombaphala za m'midzi zinayamba, makolo n'kumasonkha chimanga ndi soya, kapena kulima munda wa gulu woti ana azimwera phala. National AIDS Commission itakhazikitsidwa mu 2001, ndalama zinayamba kufika kwa timabungwe ta m'midzi, ndipo mu 2004 mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma. Timabungwe tambiri tinagwira ntchito yotamandika. Tina tinabadwira ndalamazo, ndipo zitaleka kubwera tinafa. Timene tinapirira kawirikawiri ndi tija tinayamba ndi chimanga cha eni ake, tisanaone cheke.

Njala ya 2002 inaonetsa malire a kusonkherana. Mvula inaononga mbewu, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo mtengo wake pamsika unakwera kangapo m'miyezi yochepa. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi mu Febuluwale chaka chimenecho. M'chigawo chapakati anthu anadya gaga, mizu ya nthochi ndi chitibu, anagulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wolira. Wogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'munda ankamenyedwa koopsa ndi anansi ake omwe. Aliyense akakhala ndi njala tsiku limodzi, palibe wosonkhera mnzake, ndipo apa m'pamene thandizo lochokera kunja kwa mudzi limapulumutsa miyoyo. Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa imene inayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma onse, inabwera kudzatseka mpata womwewu.

Ndawala, bokosi ndi foni

Lero boma la Dedza lili ndi anthu opitirira 830,000, malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo njira zosonkhetsera ndalama zachuluka. Gulu la mpingo kapena la achinyamata likafuna kugulira mabulangete okalamba chisanu chisanafike, kapena kulipirira fizi ana amasiye, limakonza ndawala: anthu amayenda mumsewu atanyamula nsalu yolembedwa cholinga chawo, akuimba, mbale ndi zitini zili m'manja, oyendetsa galimoto ndi ochita malonda n'kumaponyamo. Kutchalitchi kuli Paper Sunday, tsiku limene m'mbale simulowa ndalama yachitsulo. Kuli ukwati wongoyerekeza, pamene awiri amavala ngati akwati kuti anthu achite perekaniperekani monga amachitira paukwati weniweni. Kuli mipikisano ya makwaya, kumene kwaya imaimbanso kapena kukhala pansi malinga ndi amene waponya zambiri. Njira zonsezi zatengera chinthu chimene Amalawi anali nacho kale, chofupa wovina bwino, ndipo mwambo ukamatha wolengeza amatchula ndalama zimene zapezeka anthu asanabalalike.

Banki m'khonde ndi mwana wina wa mwambo womwewu, ngakhale njirayo inayambira ku Niger, kumene bungwe la CARE linaiyesa mu 1991. Amayi a m'midzi anailandira msanga chifukwa anali akudziwa kale chipereganyu. Kupatula masheya ndi ngongole, gulu lililonse limakhala ndi kathumba kapadera ka zadzidzidzi, kothandizira membala amene wadwala, waferedwa kapena nyumba yamupsera. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo silitsegulidwa pokhapokha onse ali pamphasa. Owerenga ndalama amawerenga mokweza.

Mafumu nawo sanasiye udindo wawo wakale. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Mtakataka, imene inalowa ufumu mu 2003, inadziwika padziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana. Kuthetsa ukwati kunali chiyambi chabe, pakuti mwana wobwerera kusukulu amafuna fizi, makope ndi sopo. Mfumuyi inkapempha kwa akufuna kwabwino, nthawi zina n'kupisa m'thumba mwake, ndipo magulu a amayi a m'midzi ankalondola anawo kuti asabwerere kubanja.

Kenaka kunabwera foni. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo lero mnyamata wa ku Lobi kapena ku Mayani amene ali ku Johannesburg amasonkha nawo maliro a kwawo tsiku lomwelo. Mmodzi wa iwo akamwalira kumeneko, anzake amatsegula gulu pa WhatsApp kuti apeze ndalama zonyamulira thupi kudutsa Zimbabwe ndi Tete mpaka pachipata cha Dedza. Namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, n'kupha anthu mazanamazana, mipingo, sukulu ndi magulu a m'chigawo chapakati anasonkha zovala, ufa ndi ndalama, pansi pa mfuu ya dziko lonse yoti Tigwirane Manja. Mwambo umene unayambira pa mbumba unafika pothandiza anthu a ku Phalombe ndi ku Chilobwe amene osonkhawo sanawaonepo.

Mavuto alipo, ndipo ndi olemera. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti ndalama imene kale inkagula mabulangete khumi lero siifika. Kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013, kotchedwa Cashgate, kunasiya anthu akukayikira aliyense wogwira thumba la gulu. Pafoni pamabweranso akathyali, onamizira matenda kapena maliro. Lamulo la mabungwe omwe si aboma, limene linakhazikitsidwa mu 2001, limafuna kuti bungwe lilembetse ndi kupereka malipoti a chuma chaka ndi chaka. Zimenezo n'zofunika, koma lipoti lopita ku Lilongwe silifika m'khutu mwa mayi wa ku Bembeke amene anapereka beseni la nyemba.

N'chifukwa chake magulu amene akuyenda bwino m'mapiri muno amachita ziwiri zonse. Amalemba lipoti la ku ofesi, komanso amaitanitsa anthu pabwalo la mfumu kapena pakhonde la tchalitchi, n'kuyala katundu poyera: mabulangete akuti, matumba a ufa akuti, ana olipiriridwa fizi akuti, ndalama yotsala yakuti. Pa gulu la WhatsApp, msungichuma amalemba mndandanda wa mayina ndi ndalama, n'kumauwonjezera aliyense akatumiza, ndipo madzulo amajambula risiti ya kusitolo n'kuiponya pomwepo. Wina ali ku Cape Town, wina ku Area 25, wina pamsika wa Chimbiya akudikira basi, onse amatsegula foni n'kutsetsereka ndi chala mpaka apeze dzina lawo, kenaka n'kuyang'ana pansi pa mndandanda, pamene palembedwa zonse pamodzi.